Famasi ya pafupi ndi Copacabana yatithandiza pa khungu la mwana

Abale a kuno ku Harare, makamaka inu a ku Mbare ndi Mufakose, ndati ndikuuzeni za famasi ina yaing'ono pafupi ndi renki ya Copacabana. Mwana wanga wa zaka 4 amakanda m'makwinya a zigongono mpaka kutuluka magazi, tizilonda tikumachita mafinya, ine nkumangomusambitsa ndi sopo wobiriwira wochapira uja poganiza kuti ndiye akupha majeremusi.

Mayi wa pa kauntala sanathamangire kundigulitsa kanthu ayi, anandifunsa kaye sopo amene timagwiritsa, kenako anatenga kapepala nkulemba manambala. Akuti khungu labwino limakhala ndi asidi pang'ono, pH yake (muyeso wa asidi, nambala ikachepa ndiye kuti asidi wachuluka) cha m'ma 5, pomwe sopo wamtanda amafika 9 kapena 10. Ndiye thupi limapanga lokha timapuloteni tating'ono topha mabakiteriya, ngati dermcidin wa m'thukuta, ndipo ena mwa iwo, makamaka okhala ndi histidine wambiri (kamodzi mwa tizidutswa topanga mapuloteni), amamata bwino pa khoma la bakiteriya nkuliboola pakakhala asidi pang'ono. Ukamasamba sopo waukali daily asidi uja amachepa, bakiteriya woyambitsa mafinya wotchedwa Staphylococcus aureus nkupeza danga. Anandiuzanso kuti si mapuloteni onse otere amene amafuna asidi, ena ngati a m'mapapo amafooka asidi akachuluka, zimenezi ndinazikonda chifukwa sanandinamize kuti ndigule basi.

Ndinatenga sopo wamadzi wolembedwa pH 5.5 ndi mafuta opanda fungo, za mafinya anati pitani ku kiliniki. Mtengo ndiye wokwererako, botolo laling'ono, komanso masana mzere umatalika. Koma patha masabata 3 mwana akugona osadzikanda usiku, ndidzapitanso mwezi ukatha.