Kukaona nyumba yachifumu ya Hampton Court: zoti mudziwiretu

Abale akumudzi mukabwera kuno ku Britain, ambiri mumafuna tikuperekezeni ku Buckingham Palace. Kumeneko nthawi zambiri mungoima pa mpanda n'kujambulitsa, chifukwa zipinda zake amazitsegulira alendo makamaka m'miyezi yotentha. Ngati mukufuna kulowa m'kati, kuponda pomwe mafumu ankaponda ndi kuyenda m'minda yawo tsiku lonse, pitani ku Hampton Court Palace, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pakati pa London. Mfumu Charles simukaipeza kumeneko. Mfumu yomaliza kukhalamo inali George II, ndipo Mfumukazi Victoria inatsegulira anthu wamba nyumbayi mu 1838.

Kwerani sitima pa siteshoni ya Waterloo ku London. Imanyamuka theka la ola lililonse, ndipo ulendo wake ndi wa mphindi pafupifupi 35. Apa ndi pamene ambiri amasocherera: kuli masiteshoni atatu a mayina ofanana, Hampton, Hampton Wick ndi Hampton Court. Inu mukufuna yolembedwa Hampton Court, komwe njanjiyo imathera. Mukatsika, wolokani mlatho, geti muliona kudzanja lamanja. Ngati mukulipira ndi Oyster (khadi yolipirira maulendo ku London) kapena khadi ya ku banki, igunditseni pa kamakina kachikasu pokwera ndi potsika, khadi yomweyomweyo. Mukaiwala potsika amakudulani ndalama yokwera kwambiri ya ulendowo.

Tikiti ya munthu wamkulu ndi mapaundi pafupifupi 30, ana osakwana zaka 5 salipira. Igulirenitu pa intaneti, ndipo muonenso masiku, chifukwa masukulu akakhala otsegula nyumbayi imakonda kutsekedwa Lolemba ndi Lachiwiri. Amatsegula 10 koloko. Mufike nthawi yomweyo, makamaka m'nyengo yozizira pamene mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana.

Nyumbayi anaiyamba ndi Kadinala Thomas Wolsey cha m'ma 1515, koma atasemphana ndi Henry VIII, mfumu ya akazi 6 ija, inagwera m'manja mwa mfumuyo. Mbali ya njerwa zofiira yokhala ndi machumuni opotanapotana ndi ya nthawi imeneyo. Mbali yakumbuyo anamangitsa ndi William III ndi Mary II kuyambira 1689, mmisiri wake Christopher Wren.

Yambirani ku khitchini anthu asanachuluke. Ine ndimati pamenepa ndi pamtima pa nyumba yonse. Ankaphikira anthu pafupifupi 600, kawiri pa tsiku. Mafuwa ake ndi aakulu moti munthu angathe kuimirira m'kati, khoma lapamwamba lili bii ndi mwaye, ndipo moto amaukolezabe kuti alendo aone mmene ankawotchera nyama pa chitsulo chachitali chozunguza ndi manja. Mukayandikira, kutentha kumakumenyani kumaso, n'kumvetsa ntchito imene anyamata ozunguza nyama aja anali nayo. M'chaka chimodzi, nthawi ya Elizabeth I, anthu a kunyumba yachifumu anadya nkhosa 8,200 ndi ng'ombe 1,240. Aliyense amene anaphikirapo pa ukwati kapena pamaliro adziwa tanthauzo la manambalawa.

Mukachoka apo lowani mu holo yaikulu yotchedwa Great Hall, mukweze maso kudenga lamatabwa, kenako muone nsalu zazikulu zapakhoma zofotokoza mbiri ya Abrahamu. Pabwalo lam'kati pali wotchi ya 1540 yosonyeza ola, mwezi, ngakhale nthawi imene madzi a mu Thames amadzadza pa mlatho wa London Bridge, popeza mafumu ankayenda pa bwato. Okonda za tchalitchi adziwe kuti msonkhano wa 1604 umene unagamula zomasulira Baibulo la King James unachitikira m'nyumba yomweyi.

Cholakwika chachikulu n'kuthera mphamvu zonse m'zipinda, n'kufika kuminda miyendo italema. Pofika 1 koloko mukhale mutatuluka. Mindayo ndi maekala 60. Tengani kamba wanu ndi madzi, chifukwa chakudya cha m'kati n'chodula, ndipo pali kapinga pokhala. Nsapato zikhale zafulati, popeza mabwalo ena ndi a miyala yosalingana, ndipo jekete ya mvula isatsale ngakhale kutacha bwino.

Amene munagwirapo khasu musaphonye mpesa waukulu umene unabzalidwa mu 1768, pa nthawi ya katswiri wa minda Lancelot Brown. Uli m'nyumba yagalasi, tsinde lake lokhuthala ngati la mtengo wa mango wakale, ndipo umaberekabe. Mphesa zake amagulitsa mu Seputembala. Kunja kwa galasilo muona kamunda kopanda mbewu iliyonse. Sikuti anakaiwala ayi. Pansi pake ndi pamene pali mizu, ndiye amathirapo manyowa osabzalapo kanthu kuti pasakhale chopikisana ndi mpesawo pa chakudya ndi madzi.

Kumpoto kwa nyumbayi kuli njira zosokoneza za mpanda wamitengo, zimene zakhalapo zaka zoposa 300. Mipandayo ndi yaitali kuposa munthu, ndipo kuti mufike pakati pamatenga mphindi ngati 20. Ana agwireni padzanja, chifukwa akangokhota kawiri mumangomva mawu okha. Amaleka kulowetsa anthu nthawi yotsekera isanakwane, choncho musazisiye kumapeto.