FEMM pa ntchito yopeza kusiyana kwa voltage kuchokera ku electric field

FEMM (Finite Element Method Magnetics) ndi pulogalamu yaulere ya pa Windows imene David Meeker analemba, ndipo ngakhale imadziwika kwambiri pa zamaginito, gawo lake la electrostatics (za magetsi osayenda) n'lokwanira kwa wophunzira kapena injiniya amene akufuna kudziwa kusiyana kwa voltage pakati pa malo awiri.

Munthu akajambula ma conductor n'kupatsa chinthu chilichonse permittivity yake (nambala yosonyeza mmene chinthucho chimakhudzira electric field), pulogalamuyi imagawa malo onse m'tizidutswa ta makona atatu mothandizidwa ndi pulogalamu ina yotchedwa Triangle ya Jonathan Shewchuk, kenako imapeza voltage pansonga za tizidutswato. Apa ndi pamene pagona nkhani. Electric field (mphamvu ya magetsi pamalo alionse) imawerengedwa pambuyo pake, kuchokera ku mmene voltage ikusinthira mkati mwa kachidutswa kalikonse, moti m'kachidutswa kamodzi imakhala yofanana paliponse, ndipo imasintha mwadzidzidzi munthu akangolowa m'kachidutswa kapafupi. Mitundu yosalala yooneka pakompyuta imabisa zimenezi chifukwa pulogalamuyi imayamba yasalaza manambala isanawaonetse.

Ndimakonda kuti FEMM imapereka njira ziwiri zopezera kusiyana kwa voltage. Mungathe kujambula mzere n'kusankha E.t, yomwe imapereka kusiyana kwa voltage motsatira mzerewo, kapena kungowerenga voltage pamalo awiriwo n'kuchotsera. Pa electrostatics, njira imene mzere wadutsa ilibe kanthu, choncho mayankho awiriwa ayenera kuyandikana kwambiri. Chingwe cha coaxial (waya wozunguliridwa ndi chikuto chachitsulo) ndi choyesera chabwino cha kulondola kwa field: waya wam'kati wa radius ya 1 mm, chikuto cha radius ya 3 mm ndi 100 V pakati pake ziyenera kupereka pafupifupi 91 kV/m pawaya ndi 30 kV/m pachikuto, ndipo FEMM imayandikira manambalawa mwachangu tizidutswa tikachepetsedwa.

Pamakona akuthwa m'pamene pamafunika kusamala. Pamenepo field imangokwera nthawi iliyonse mukachepetsa tizidutswa, ngakhale kusiyana kwa voltage kutakhazikika kale, ndipo pulogalamuyi sichenjeza. Amene akufuna kuyerekeza field ndi 3 kV/mm, pamene mpweya umayamba kudutsitsa magetsi, ayenera kujambula konayo mozungulira ndi radius yeniyeni ya chitsulocho.

Maonekedwe a pulogalamuyi ndi akale, koma sachedwa kuzoloweka. Ili ndi chida chokonzera malire a malo otseguka, ndipo ntchito yobwerezabwereza imatheka polemba malamulo m'chinenero cha kompyuta cha Lua kapena cha Python (pyFEMM), zomwe zimathandiza kwambiri mukamasintha mpata wa pakati pa ma conductor kambirimbiri.

Chopinga chachikulu n'chakuti imagwira 2D yokha, kaya yafulati kapena yozungulira mzere wapakati. Pa chingwe chachitali chowongoka palibe vuto, koma pamene mawaya apingasana kapena chingwe chapindika, pamafunika pulogalamu ya 3D monga Elmer kapena COMSOL.