Miyezi 9 ndili mu kalabu yosaka makobidi pagombe, zomwe ndaona ndi izi

Paja mu June chaka chatha ndinalowa kalabu ya anthu osaka zitsulo pansi ndi makina aja amati metal detector, kuno ku Norfolk, ku England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuyambira nthawi imeneyo abale achimalawi tikakumana kutchalitchi funso limakhala lomwelomwelo, achimwene zikuyenda bwanji za makina anu aja, golide mwampeza? Ena amafunsa mongocheza koma ena akufunadi kuyamba nawo, nde pano poti papita miyezi 9, chilimwe ndachiona, chisanu chenicheni ndachionanso, ndikhoza kuyankha zoona zokhazokha.

Ndiyambe ndi ndalama poti ndi zomwe aliyense amafuna kumva. Ngati mukufuna kulowa izi kuti muzitumiza kenakake kumudzi, musayambe, katengeni shifiti ina yoonjezera basi. Makobidi onse oti nkugulira zinthu omwe ndatola miyezi yonseyi ali mu kabotolo ka jamu ndipo sanakwane olo theka la mtengo wa makina. Anthu kuno masiku ano amalipira ndi kadi kapena foni olo pogula ayisikilimu, ndiye m'matumba mwawo mulibe zoti zigwe. Komanso makobidi atsopano a kuno mchere amauopa kwambiri, 1p ndi 2p kuyambira 1992 mkati mwake ndi chitsulo wamba angokutira kopa pamwamba, 5p ndi 10p nawo mkati mwake ndi chitsulo kuyambira 2012, nde akakhala mumchenga wonyowa kwa kanthawi amafufuma ndi dzimbiri mpakana osadziwika kuti chinali chani. Amene amatuluka bwino ndi £1 ndi £2. Ma paundi akale obulungira aja ndatolanso angapo koma paja anasiya kugwira ntchito m'sitolo mu October 2017.

Zambiri zomwe umakumba ndi zinyalala, tisanamizane. Zotsekulira zitini za mowa, zitsekerero za mabotolo, foyilo, zikhomo za matenti, mtovu wa asodzi, ndi ma vape omwe achuluka zedi. Chovuta nchakuti kotsekulira chitini kamalira pafupifupi mofanana ndi mphete ya golide, ndiye ukauza makina kuti azikakana ndiye kuti mpheteyo waikananso. Ukumba basi.

Miyezi iwiri yoyamba ndinatsala pang'ono kusiya. Ndinagula makina otchipa a kaunjika ndisanafunse munthu, pamchenga wouma amagwira bwinobwino koma ndikangotsikira pomwe pali ponyowa amayamba kulira paliponse ngati kuti pansi ponse pali chitsulo, ine kumakumba maenje opanda kanthu mpaka phewa kuwawa. Ndimkaganiza kuti ndi owonongeka. Tsiku lina madala ena a mu kalabu, anali opuma pantchito ya usodzi, anaima nkumandiyang'ana kwa kanthawi kenako anati mwana wanga makina akowo alibe vuto, vuto ndi mchere. Anandifotokozera kuti madzi amchere nawonso amadutsa magetsi ndiye makina a frequency imodzi amawamva ngati chitsulo, pamafunika makina otumiza ma frequency angapo nthawi imodzi kuti athe kusiyanitsa mcherewo ndi kobidi. Anandibwereka awo tsiku lomwelo kwa ola limodzi, chete, osalira mwachisawawa, ndipo pasanathe mphindi khumi ndinatulutsa £1. Kenako membala wina amagulitsa metal detector yake ya ma frequency angapo, Minelab Equinox 600, poti anagula ina, ndinatenga imeneyo ndipo ndi yomwe ndikugwiritsa mpaka lero. Ili ndi setingi yapagombe, siopa madzi, yanyowa kangapo mpaka pa sikirini ndipo ili bwinobwino, ine ndimangoitsuka ndi madzi apampopi ndikafika kunyumba chifukwa mchere ukaumira mu malumikizidwe umakukuta. Ndinaonjezera pinpointer, komwe ndi kamakina kapamanja kolozera penipeni pomwe pali chitsulo mu dzenje, mahedifoni ndi fosholo ija yobowokabowoka yosefera mchenga. Fosholoyo musaumire ndalama, pamchenga wonyowa dzenje limadzaza madzi nkugumuka msanga, ukachedwa kobidi limangomira.

Apa mpomwe ndikufuna mumvetse kuti chomwe chandipindulira ndi kalabu osati makina. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, nyanja ndimaidziwa, mwera ndimaudziwa, koma nyanja yathu ija madzi sachita kuthawa gombe kawiri patsiku nkubwereranso. Kuno North Sea imaphwa ndi kudzadza kawiri pa tsiku, nthawi yake imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa madzi amaphwa kufika kutali kwambiri nkusiya poyera malo omwe masiku ena amakhala omira. Zimenezi ndinaphunzitsidwa ndi anthu, ataima nane pamchenga nkumaloza ndi chala. Anandiuza kuti uzifika maola awiri madzi asanaphweretu, uzitsatira madziwo akamapita, ndipo uziyang'ana kumbuyo kwako nthawi zonse chifukwa madzi pobwera sabwera kutsogolo kokha, amayamba adzadza timakwawa tomwe tili pakati pa iwe ndi kumtunda. Ku Wells-next-the-Sea anthu amatsekerezedwa choncho kawirikawiri mpaka kuitanitsa a lifeboat, aboti lopulumutsa anthu panyanja. Ine kamodzi ndinawoloka madzi ofika m'maondo mu November chifukwa chotanganidwa ndi kulira kwa makina, kuzizira kwake sindidzaiwala, ndipo kuyambira pamenepo ndimatchera alamu pafoni.

Anandiphunzitsanso kuwerenga mchenga. M'chilimwe umasaka kumtunda pouma pomwe anthu amayala matawulo, madzulo anthu akachoka kapena mmamawa, ndipo zomwe umapeza ndi zomwe zagwa sabata yomweyo. Zakale zili pansi kwambiri, chifukwa kobidi ndi lolemera limamira pang'onopang'ono mpaka litafika pa dongo lolimba kapena pa timiyala, pamenepo mpomwe limakhazikika zaka ndi zaka ndipo makina sangafikepo pamwamba pakakhala mchenga wambiri. Nde umadikira chimphepo cha m'chisanu, makamaka chochokera kumpoto kapena kummawa, chibwere chikokolole mchengawo, mawa lake ukapeza gombe ladulidwa ngati sitepe, timiyala takuda tili poyera, ndiye tsiku lako limenelo. Ukayamba kutola mtovu wambiri wa asodzi malo amodzi usachoke, nyanja imaunjika zolemera pamodzi. Mawa lake mchenga utha kubwereranso nkukwirira zonse.

Mu January zinachitikadi choncho. Ndinali nditangoweruka shifiti yausiku, madala aja anandiimbira kuti usagone, bwera. Tinasaka maola atatu manja atachita dzanzi mkati mwa magolovesi. Ndinatulutsa mapeni akuluakulu akale atatu obiriwira, limodzi likuonekabe mutu wa mfumu George V, ndi kakobidi kena kakang'ono kakuda bii komwe ndimkati ndi kabatani. Madala anakapukuta pang'ono ndi chala nkunena kuti iyi ndi sikisipensi, 1944, George VI. Kuda kwakeko ndi chifukwa cha siliva, ma sikisipensi a pakati pa 1920 ndi 1946 theka lake ndi siliva, kuyambira 1947 anasiyiratu kuikamo.

Mtengo wake ndi wochepa kwambiri koma ine ndinaima duu pagombe paja, chifukwa mawu akuti sikisipensi ndinawamva koyamba kwa agogo anga aakazi. Iwo mpaka kumwalira kwawo amawerengabe ndalama kuti tiki, sikisipensi, sheleni, ife ana tikumaseka osadziwa kuti akunena chani. Usiku umenewo ndinawaimbira mayi pa WhatsApp nkuwaonetsa pa kamera, anangoti ee mwaitenga kuti imeneyo, nkuyamba kundiwerengera kuti makobidi 12 ndi sheleni imodzi, masheleni 20 ndi paundi, ndipo anakumbuka kobidi lobowola pakati la nthawi ya chitaganya lija linali ndi njovu ziwiri, akuti amalimanga pa chingwe kuti lisatayike popita kugolosale. Tinacheza ola lathunthu za zinthu zomwe sitinakambepo chibadwire changa. Nditawafotokozera a mu kalabu kuti ifenso kwathu tinasiya mapaundi ndi masheleni mu 1971, chaka chomwecho chomwe Britain inasintha ndalama zake, ndipo sheleni imodzi inasanduka 10 tambala, anadabwa kwambiri, mayi wina mpaka anabweretsa kobidi lobowola la Rhodesia and Nyasaland la mu bokosi la bambo ake pa msonkhano wotsatira kuti ndilione.

Za malamulo, izi musazitenge mopepuka makamaka ife obwera ndi ma visa, mlandu waung'ono utha kukuonongera zambiri. Malo aliwonse kuno ali ndi mwini wake, gombe lomwe. Pafupifupi theka la malo a pakati pa pomwe madzi amalekezera akadzadza ndi pomwe amalekezera akaphwa ndi la Crown Estate, bungwe loyang'anira malo a ufumu, ndipo iwo amalola kusaka, ali ndi mapu pa intaneti oonetsa malo awo, koma magombe ena ndi a khonsolo, a bungwe losamalira malo la National Trust kapena a anthu wamba ndipo ena mwa iwo amaletsa. Malo otetezedwa a mbiri yakale ndi mlandu kusakapo popanda chilolezo. Kalabu yathu salola munthu kupita nawo kosaka alibe inshulansi, ine ndinalowa National Council for Metal Detecting, bungwe lomwe limapereka inshulansiyo kwa mamembala, ndalama yake pachaka ndi yochepa. Palinso lamulo la Treasure Act la 1996, ukapeza chinthu cha golide kapena siliva choposa zaka 300, kapena makobidi akale choncho ali pamodzi, uyenera kukanena pasanathe masiku 14, ndipo amene amathandiza ndi Finds Liaison Officer, mkulu wolembera zinthu zakale zomwe anthu atola, wa Portable Antiquities Scheme. Ine sindinafikepo pamenepo. Ndipo gombe la kuno lili ndi zotsalira za nkhondo yachiwiri, ukaona chachitsulo chooneka ngati bomba osachigwira, uchoke, uimbe 999 ufunse a coastguard.

Zodandaula ziliponso. Misonkhano imakhala madzulo pakati pa sabata, ine theka lake ndaphonya chifukwa cha shifiti. Masiku okasaka m'minda ya alimi amafuna galimoto poti basi safika, komanso umalipira padera. Mamembala ena ndi obisa, ukawafunsa komwe apeza chinthu amangoti kugombe, ndipo pali awiri atatu omwe mpaka lero moni wawo ndi wapakhosi. Wakuda ndilipo ndekha, tsiku loyamba nditalowa mu holo anthu anakhala chete kaye, sindinama zinandipweteka ndipo ndinatsala pang'ono kubwerera pakhomo. Koma amene anandikokera mpando tsiku limenelo ndi madala omwe aja, ndipo pano mayi akunyumba akaphika mandasi amandipatsira ena kuti awa mukawapatse agogo anu a kugombe.

Umembala ndalipiriratu wa chaka chachiwiri. Sikisipensi ija sindinaitsuke, ili mu kaenvelopu pamodzi ndi pasipoti, ndikapita nayo ku Nkhotakota mu August mayi akaigwire ndi manja awo. Mwezi ukhala wathunthu sabata yamawa ndipo Lachinayi ndili ofu, madzi akuphwa mmamawa, ndiye batire ndatchajiratu.