Kagemu ka gofu patatha miyezi isanu ndi itatu: adaputala yapsanso

Adaputala yachiwiri yapsa Lachitatu lapitali, magetsi atangobwera madzulo. Fungo la pulasitiki linadzaza pabalaza, bambo ali chigwirire padi (kamabatani kosewerera) m'manja pa bowo la 14 la gemu ya gofu. N'chifukwa chake ndati ndilembenso za kamakina kathu kosewerera magemu pa TV, poti mu Febuluwale ndinakatamanda mopupuluma.

Ndinagula pamsika wa pa Boma, kwa mnyamata wina wogulitsa machaja ndi mawayilesi, pa K48,000. Ndi tija tokopera Famicom, kamakina kakale ka magemu ka kampani ya Nintendo, topanda dzina lenileni. Pabokosi analemba kuti muli magemu 620, koma ambiri ndi omwewo angowasintha mayina. Ine sizinandikhudze. Ndimafuna imodzi yokha, Golf, ija Nintendo inatulutsa mu 1984.

Gemu imeneyi inalowa m'nyumba mwathu mu 1997, malume atabwera ku Joni ndi kamakina ka makatiriji achikasu. TV yathu inali yopanda kala, yoyendera batire ya galimoto imene ndinkakatchajitsa pa njinga Loweruka lililonse. Bambo gofu weniweni ankangomumva kuti amasewera alendo ku Makokola, koma pa TV ija anasanduka katswiri. Kamunthu konenepa kogwira ndodo kaja anakapatsa dzina loti Che Mimba. Batire ikayamba kutha chithunzi chinkafota pang'onopang'ono, ife tikulimbikirabe mpaka amayi atakalipa kuti nsima yazizira.

Pa kamakina katsopanoka chithunzi chili bwino, phokoso lake ndi lomwe lija, mabowo onse 18 alipo, ndipo kamuvi kosonyeza mphepo kakugwira ntchito. Apo palibe chodandaula.

Vuto ndi batani la A pa padi yoyamba. Amene anasewerapo akudziwa kuti gemu yonseyi yagona pa batani limeneli. Umadina katatu: koyamba kuti ndodo inyamuke, kachiwiri kusankha mphamvu, kachitatu kuti umenye mpira pakati penipeni. Ukachedwa kapena kufulumira pang'ono podina kachitatuko, mpira umakhota n'kukagwera m'madzi, kapena m'mitengo n'kukulembera OB (kuti watuluka m'bwalo), ndi chilango pamwamba. Tsono batani langali linayamba kukakamira mu Epulo. Udina, ilo lalowa osatuluka. Ndinamasula tizomangira tonse, ndinapukuta kalabala kam'kati ndi sipiriti, linachira masiku awiri n'kuyambiranso. Kutentha kwa Okutobala kuno kwangowonjezera, thukuta la m'manja ndi fumbi zikulowa momwemo. Ndinayesa kuika kapepala pansi pa labalayo, likudinika koma molimba ngati ukutsegula chitseko chotupa ndi mvula.

Padi yachiwiri ndi yabwinobwino. Ndinangosinthanitsa mapulagi, koma tikamasewera awiri wina amayenera kugwira yodwalayo. Bambo sanachedwe kugamula mlandu: “Wamkulu ndani pano?” Ndiye kuyambira Epulo ine ndi amene ndimasambira m'madzi a pa TV.

Koma ndinene zoona, ngakhale titasinthana sindingawathe. Izi n'zimene zandidabwitsa kuposa zonse. Gemu yakaleyi sikuuza kuti ndodo iti imafika pati, ndiponso sikusankhira. Uyenera kudziwa wekha kusiyana kwa ndodo monga 1W, 5I ndi SW. Ine zonsezo ndinaiwala kalekale. Bambo, a zaka 71, amene foni yawo ndimachita kuwawerengera mauthenga, tsiku loyamba lomwelo anati, “Apa tenga 7, mphepo ikuchokera kumanja, usamalize mphamvu.” Mpira unakatera pafupi ndi mbendera. Kenako anakatulutsa kope lakale la ngongole za kugolosale yawo, kumapeto kwake kuli mzere wa ndodo zonse ndi mitunda yake, wolembedwa ndi bolopeni yofiira. Anamaliza atamenya ka 84 pa bwalo limene katswiri amayenera kumaliza atamenya ka 72. Ine 103. Usiku umenewo mukanandifunsa ndikanati K48,000 ija inachepa.

Lero maganizo ndi ena. Adaputala yoyamba inapsa mu Juni, ndinagula ina K6,500 kwa yemweyo, iye akulumbira kuti iyi ndiye yeniyeni. Za padi anayamba wandiuza kuti, “Achimwene, mukudina ndi mphamvu.” Nditaumirira anati ndisiye K5,000 andiitanitsire yatsopano ku Limbe. Unali Julayi. Ndikadutsa pabenchi pake amandilonjera ndi manja awiri, kufunsa za madala kunyumba, kenako katundu ali m'njira. Lisiti sanandipatse, inenso ndi kupusa kwanga sindinafunse.

Ndikaphatikiza zonse ndawononga K59,500, ndipo kamakinako kali pa shelefu kozizira. Wina akandifunsa ndimati gulani, koma muyese mapadi onse awiri pomwepo, ndipo magetsi akathima muzizula pakhoma. Kwa mnyamata uja sindingakutumizeni. Ineyo ndipitako mawa, chifukwa bambo afunsa kale kawiri kuti bowo la 14 timaliza liti, ndipo adaputala ya mtundu umenewu ndaisowa pamsika ponse kupatula pabenchi pake. K5,000 yanga ija aichotsere pamenepo.