Zikwangwani zolozera malo a mbiri ku Nkhotakota: cha penti chikuposa cha stika

Osonkha ndalama zoikira zikwangwani zolozera alendo ku malo a mbiri ya nthawi ya ukapolo pa boma la Nkhotakota akafika kwa owotcherera amauzidwa kusankha: lata lomatidwa stika yosindikiza pa kompyuta, kapena lata lolembedwa ndi penti ya mafuta. Ife tikuti tengani cha penti.

Cha stika chimakongola chikadali chatsopano, ndipo chithunzi cha mkuyu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mkulu wa ochita malonda a akapolo, m'zaka za m'ma 1860 chimatuluka bwino ndithu. Koma dzuwa la kunyanja silinyengerera. Mtundu wofiira ndiwo umayamba kufwifwa, kenako m'mbali mumatukuka, madzi a mvula n'kulowa kunsi, dzimbiri n'kumadya lata mosaoneka. Ana akapeza kakona kotukuka amasenda. Chikatero sichikonzeka, mumasindikizanso chonse.

Cha penti chimalimba pokhapokha mmisiri asachite chidule. Lata likhale la 1.2 mm, osati la denga. Alipale ndi sandipepa, apake red oxide (penti yoteteza ku dzimbiri) kawiri makamaka mowotcherera, ndiye penti pamwamba kawirinso. Likakhala lata la galvanized (lokutidwa ndi zinki) pamafunika pulaima yake, penti yoyambirira kupaka, chifukwa red oxide wamba amasupuka. Zilembo zikazilala, wolemba amangobwerezamo ndi bulashi pomwepo.

Pamene ambiri amaumira ndalama ndi pa miyendo. Dothi la kufupi ndi nyanja ndi lamchenga, ndipo mwera wa mu Juni ndi Julayi umagwedeza chikwangwani mpaka kupendama. Mapaipi akhale a 50 mm, dzenje lakuya masentimita 60, konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Kunsi kwa paipi awotchererepo kachitsulo kopingasa kuti ogulitsa zitsulo zakale asazule, ndipo kumwamba atseke, apo ayi madzi amadzaza m'kati paipi n'kuolera pansi.

Pa msewu wa M5 zilembo zisachepere masentimita 15, zoyera pa lata lofiirira, monga zimakhalira zikwangwani za malo okopa alendo. Dzina la malo, muvi ndi mtunda, basi. Nkhani ya Bishopu Chauncy Maples wa mpingo wa Anglican, amene anamira pa nyanja mu 1895 naikidwa m'manda ku tchalitchi cha All Saints, ilembedwe pamalo pomwepo, mu Chichewa ndi Chingerezi, ndipo a dipatimenti ya Museums and Monuments aione isanalembedwe ndi penti.

Chimatipweteka mtima ndi kuona thumba lonse likuthera pa chikwangwani chimodzi chachikulu pamene pa mphambano palibe muvi, mlendo n'kumangofunsa akabaza. Yambani ndi timivi ta pa mphambano iliyonse, tengani chilolezo ku khonsolo ndi ku Roads Authority musanakumbe m'mbali mwa M5, ndipo mupatule ndalama ya penti yodzabwerezera.