WiFi ya pa loji, rauta ya SIM kapena Starlink: intaneti ya pa sitandi ku Mangochi

Anzanga a mabizinesi ang'onoang'ono akhala akundifunsa funso limodzimodzi: tikafuna kuika makompyuta pa sitandi kuti alendo obwera ku chionetsero cha zamalonda azigwiritsa ntchito okha, intaneti tiitenge kuti? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndilembe kamodzi. Ndikunena za kuno ku Mangochi, kumene zionetsero zimachitikira m'maholo a maloji a m'mbali mwa nyanja, mumsewu wopita ku Monkey Bay, kapena m'matenti pabwalo pa boma. Njira zilipo zitatu: WiFi ya eni malo, rauta yolowetsa SIM ya TNM kapena Airtel, ndi Starlink, intaneti yodzera pa ma satelayiti. Za liwiro lolembedwa pa bokosi sindinenapo, mumaliwerenga nokha.

Ndiyambe ndi imene inandiwotcha, WiFi ya eni malo. Pa kotesheni ya loji ina panalembedwa holo, mipando, madzi akumwa ndi "WiFi yaulere". Makompyuta athu anali oti asodzi, alimi ndi ogulitsa m'magolosale azilembetsapo mayina, kuona mitengo ya katundu ndi kusiya maoda. M'mawa wa tsiku lotsegulira, mtsikana wa pa resepishoni anatipatsa kapepala kamodzi kokhala ndi nambala yachinsinsi. Pa kompyuta yoyamba kanagwira. Pa yachiwiri kanakana kwamtuwagalu. Titabwerera kukafunsa anatiyankha mwaulemu ndithu: "Pepani bwana, yaulereyo ndi ya alendo ogona, chipangizo chimodzi basi. Ya msonkhano ndi ina, imalipitsidwa pa chipangizo chilichonse, pa tsiku." A manijala atabwera anangobwereza zomwezo uku akumwetulira, podziwa kuti anthu ayamba kale kulowa pageti ndipo ife tilibe kothawira. Tinalipira. Pomaliza chionetsero, ndalama ya WiFi inali itaposa imene tinalipirira sitandi yeniyeniyo.

Chikanakhala kuti inkagwira bwino, bwenzi nditaiwala. Koma timapepala timeneti tinali ndi nthawi yake, ndipo kompyuta ikangogona pang'ono, podzuka inkafunsanso nambala. Tangoganizani mayi wachikulire wafika pakati polemba fomu, kenaka patuluka tsamba la loji lofuna nambala. Amangodzuka n'kumapita. Mnyamata wathu amene amayenera kufotokozera anthu za katundu anathera tsiku akuzungulira makompyuta ndi timapepala m'manja. Kabokosi kofalitsa WiFi kanali kamodzi, ku bala, ndipo pakati pa bala ndi holo panali makoma a njerwa. Pofika masana nambala ya alendo ogona inali itafalikira kwa aliyense wokhala ndi foni. Magetsi a ESCOM akathima, jenereta inkatenga nthawi kuti iyake, kabokosi kaja n'kuyambiranso pachiyambi, ife tonse n'kulowanso ndi manambala. Tsiku lomaliza ndinasuzumira kuseri kwa kauntala. Intaneti yonse ya loji ija inkachokera mu rauta ya SIM yonga yomwe ndinasiya kunyumba.

Sindikunena kuti maloji onse ndi otero. Koma amene akufunabe njira iyi auze eni malo alembe pa kotesheni pomwepo: zipangizo zingati, kabokosi kali m'holo kapena kwina, mtengo wake wonse, ndiponso ngati angalole kukoka waya kuchoka pa rauta yawo mpaka pa sitandi. Akayamba kunena zoti "tidzaona tsiku lomwelo", tengani yanu.

Ine ndine wa rauta ya SIM, ndipo sindibisa. Siyofanana ndi ka MiFi, karauta kakang'ono kam'thumba. Ka MiFi kamalandira zipangizo pafupifupi 10, ndipo kabatire kake kamatentha mukakasiya pa chaja tsiku lonse m'tenti mu October, mwezi umene dzuwa la ku Mangochi silichita masewera. Rauta ya pa tebulo ili ndi mabowo olowetsa waya, ndiye makompyuta a pa sitandi mumawalumikiza ndi waya, WiFi n'kuibisa kuti odutsa asakubereni bandulo.

Vuto lake lalikulu si la kampani iyi kapena iyo. Nsanja ya netiweki ili ngati mjigo umodzi wa mudzi wonse: m'mawa mumatunga mosavuta, koma anthu mazana akasonkhana malo amodzi, aliyense akutumiza zithunzi ndi mavidiyo, madzi amatuluka modontha. N'chifukwa chake kuyesa netiweki dzulo lake, holo ili yopanda anthu, kumanamiza. Yesanibe, kuti mudziwe ngodya imene imagwira bwino, koma tengani ma SIM a makampani onse awiri. M'mbali mwa nyanja muno pali malo amene TNM imakoka bwino, pali ena amene Airtel ndiyo imakoka, ndipo nthawi zina kusiyana kwake ndi kungosuntha rauta kuiika pa windo. Ma SIM mulembetseretu ndi chiphaso cha unzika, monga MACRA inalamulira kuyambira 2018, osati kukayamba kufunafuna ejenti m'mawa wa chionetsero. Mu Mpamba ndi mu Airtel Money musiyemo ndalama yogulira bandulo ina mwachangu.

Bandulo ili ndi akuba ake. Woyamba ndi Windows, imene ikangoona intaneti imayamba kudzikonza yokha mwakachetechete. Pa kompyuta iliyonse tsegulani metered connection, imene imauza Windows kuti isamale bandulo, ndipo ma update muwamalizire kunyumba. Wachiwiri ndi ana asukulu amene akapeza mpando wopanda munthu amathamangira YouTube ndi TikTok. Komanso musanyengeke ndi kutchipa kwa mabandulo a usiku kapena a WhatsApp ndi Facebook okha, chifukwa masana sangakutsegulireni tsamba la bizinesi yanu.

Starlink inafika m'Malawi mu 2023 italandira chilolezo cha MACRA. Ubwino wake ndi woti sidalira nsanja ya pafupi. Mbale yake imalankhula ndi ma satelayiti oyenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndiye khamu la anthu a mafoni pabwalo silikukhudzani. Ngati makompyuta ndi ambiri, kapena mukufuna kuonetsa mavidiyo ndi kulankhulana ndi ogula akutali pa Zoom, pamenepa palibe yopikisana nayo, ndivomere ngakhale mtima wanga uli kwina.

Koma imafuna thambo loyera. Mitengo ya mango, milambe ndi migwalangwa imene imakongoletsa maloji athu ndi adani ake, ndipo mthunzi umene aliyense amaukanganirana pomanga tenti ndi womwewo umene umadula intaneti. App yake ili ndi poyesera: mumaloza kamera ya foni kumwamba n'kukuuzani ngati pali chotchinga. Chitani zimenezi musanasankhe malo a sitandi. M'holo mufunika kuika mbale panja ndi kupeza polowetsera waya, zimene eni malo ena amakana. Mvula yamphamvu imaidula kwa kanthawi, ndipo m'nyengo ya mwera mbaleyo muitsamiritse ndi matumba a mchenga. Mtengo ndiye nkhani ina. Zida zake n'zodula, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo malipiro ake ndi a mwezi wathunthu pamene chionetsero ndi cha masiku ochepa. Mukabwereka kwa munthu, onani pa foni yake kuti walipira mwezi umenewo, komanso kuti pulani yake ikulola kuchoka pa adiresi imene inalembetsedwa. Ya kunyumba ku Blantyre si kuti ingogwira yokha mukafika nayo ku Makawa kuno ku Mangochi.

Chimene chimaweruza mlandu wonsewu ndi magetsi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022 n'kuchotsa ma megawati pafupifupi 130, ndipo jenereta ya loji imadalira dizilo amene nthawi zina amasowa. Choncho werengani motere. Batire ya 12V 100Ah imasunga mphamvu pafupifupi 1,200Wh, koma ya mtovu simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, ndiye muli ndi 600Wh. Starlink yaikulu imadya pakati pa 75W ndi 100W, kutanthauza maola 6 mpaka 8 musanalumikize kompyuta ngakhale imodzi, komanso inveta isanadye gawo lake. Starlink Mini imadya yosakwana theka la imeneyo. Rauta ya SIM imadya pafupifupi 10W, ndipo batire yomweyo ingaiyendetse chionetsero chonse. Pa chifukwa chomwechi, makompyuta a pa desiki asiyeni ku ofesi. Laputopu kapena tabuleti ili ndi batire yakeyake ndipo sithima magetsi akaphethira.

Chimodzi chokhudza njira zonse zitatu: anthu amaiwala kutseka Facebook ndi imelo zawo. Tabuleti ya Android muikhome pa tsamba limodzi ndi screen pinning, laputopu muitsegule pa akaunti ya alendo imene imafufuta zonse. Mayina ndi manambala a foni amene mukutolera ali pansi pa lamulo la Data Protection Act la 2024, ndiye asamaonekere wobwera pambuyo.

Sitandi ya makompyuta awiri mpaka asanu yongolembetsa mayina ndi maoda, tengani rauta ya pa tebulo, ma SIM awiri ndi batire. Ngati ndinu okonza chionetsero chonse ndipo mukuika mzere wa makompyuta pabwalo, sonkheranani ndi masitandi oyandikana nawo mubwereke Starlink imodzi, rauta ya SIM ikhale yodikirira pambali. Lachisanu masana anthu ambiri akapita ku mzikiti bwalo limapepuka, ndiyo nthawi yotumiza maoda a m'mawa, kuona bandulo yatsala bwanji ndi kusintha batire khamu lisanabwerere. WiFi ya pa loji ija ndimailandirabe akandipatsa, koma pa foni yanga yokha.