Miyezi 9 chilipirireni fizio ya phewa, nazi zomwe ndaona

Alamu anga a ku Mufakose, ku Harare, anandiimbira dzulo kuti adokotala awauza zoti phewa lawo mwina lifunika opaleshoni, ndiye amafunsa ngati ine fizio (chithandizo cha masewera olimbitsa thupi a kuchipatala) inandithandiza. Pa foni sindinafotokoze bwino, ndati ndilembe zonse.

Ine ndimapenta nyumba, mkono umakhala m'mwamba tsiku lonse. Chaka chatha phewa lamanja linayamba kubaya ndikakweza mkono kufika chapakati, usiku kugonera mbali imeneyo kunali kosatheka. Ku kachipatala kena ku Avenues anati ndi impingement, mtsempha wa supraspinatus ukupanikizika pansi pa fupa lija amati acromion. Anandilipiritsa $280 zonse pamodzi, maulendo 10 a fizio, jakisoni mmodzi, malabala atatu okoka ndi kachingwe ka pulley kokoleka pachitseko.

Pulley ilibe vuto mpaka lero. Mtsikana wa fizio naye ntchito amaidziwa, amafotokoza mofatsa. Jakisoni anandipatsa tulo tofa nato kwa miyezi iwiri, kenako ululu unabwerera, ngakhale osati ngati poyamba.

Koma malabala aja abale, ndi amene anandikwiyitsa. Wofiira anaduka mwezi wachitatu ndikukoka m'mawa, anandikwapula patsaya pafupi ndi diso moti akazi anga anathamanga kuchokera kukhitchini. Ndinapita naye konko, a pa kauntala akuti bambo mumakoka mopitirira, watsopano $15. Ndinagula poti ndinali ndi mantha kuti ndikasiya phewa liuma. Sanathe ngakhale miyezi iwiri, nayenso phwaa, kudukira pamalo omwewo pomwe ndimamangira pa chogwirira chitseko. Mapeto ake ndinagula chubu cha njinga kumsika wa Siyaso, ndinachidula m'litali, ndipo ndi chimene ndikukoka mpaka pano.

Mwana wanga ndiye anandiwerengera kafukufuku wa GRASP wa ku Oxford wa 2021, wa anthu 708 odwala phewa. Anapeza kuti jakisoni amathandiza masabata 8 oyamba basi, komanso kuti kukumana ndi wa fizio kamodzi n'kumakachita masewera olimbitsa phewa kunyumba kunathandiza mofanana ndi maulendo angapo pakutha pa chaka. Tsiku limenelo mtima unandiwawa chifukwa cha ndalama zanga, koma ndikakumbukira kuti pano ndikupenta siling'i osalira, ndimakhala pansi.

Alamu, za opaleshoni musathamange. Kafukufuku wa CSAW wa 2018 ku UK, anthu 313, anaonetsa kuti opaleshoni yopala fupa lija sinapose yongolowetsa kamera osapala kanthu, ndipo ku Finland anapezanso zomwezo chaka chomwecho.  Kafunseni adokotala ngati mtsempha wanu wang'ambika, chifukwa ukang'ambika nkhani imasintha.

Ndiye kodi $280 ija inapita bwino? Phewa lili bwino, sindinama, kupatula m'mawa wozizira wa mu June. Koma ndikanati ndiyambirenso ndikanalipira maulendo awiri kapena atatu okha. Anatsala maulendo awiri omwe sindinapite nthawi imene ndinali pa ntchito ku Chitungwiza, pano a kuchipatalako akuti nthawi yake inadutsa pomwe pa lisiti sanalembepo tsiku lililonse. Ndatumiza mauthenga atatu pa WhatsApp, akuwerenga koma osayankha. Loweruka ndikupita ndekha ndi lisiti langa.